Masewera a makampani a ngalande ndi njanji: mafunso ndi mayankho

Ndimakhala ku Birmingham, m'dziko la England, ndipo Loweruka madzulo kawirikawiri mudzandipeza pa tebulo ndi anzanga atatu, titazinga mapu, aliyense akuwerenga ndalama zake za mapepala. Abale akaona zithunzi pa WhatsApp amafunsa mafunso omwewomwewo. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi amenewa ndi masewera otani?

Ndi masewera a pa bolodi ochokera pa mbiri ya makampani amene anakumba ngalande zoyendamo maboti ndi kuyala njanji, makamaka ku Britain ndi ku America, kuyambira cha m'ma 1760 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa tebulo pamakhala mapu a dera lenileni, mayina a matauni enieni, ndi timakadi toimira migodi, mafakitale ndi masitima. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. Woyamba ndi Brass, amene anakonza ndi Martin Wallace ndipo anatuluka mu 2007. Mu 2018 kampani ya Roxley inawatulutsanso pawiri: Brass: Lancashire ndi Brass: Birmingham. Mtundu wachiwiri ndi banja lalikulu lotchedwa 18xx, lomwe kholo lake ndi masewera otchedwa 1829, opangidwa ndi Francis Tresham mu 1974.

Ena amati, "Ndiye kuti ndi Monopoly." Ayi ndithu. Mu Monopoly dayisi ndiye amakuuzani kopita. M'masewera a 1830, omwe ndi otchuka kwambiri m'banja la 18xx, mulibe dayisi, mulibenso khadi lobisika. Amafanana kwambiri ndi bawo: zonse zili poyera, ndipo amawina ndi amene waona patali kuposa anzake.

Ngalande zake ziti? Boti lingayende m'ngalande?

Tikamva mawu akuti ngalande timaganiza za mwa msewu modutsa madzi a mvula, kapena za kumunda wa mpunga. Za kunozi ndi misewu ya madzi yokumba ndi manja. Boti lake limakhala lopyapyala, mamita 2 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 21 m'litali, ndipo kale linkakokedwa ndi hatchi yoyenda m'kanjira ka m'mbali. Hatchi imodzi inkakoka matani 25 kapena 30 a katundu pa madzi. Pa ngolo, m'misewu ya matope ya nthawi imeneyo, sikanatha kukoka ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a katundu ameneyo.

Imene inatsegula anthu m'maso ndi Bridgewater Canal, ya mu 1761. Mwini wake, Duke of Bridgewater, anali ndi migodi ya malasha ku Worsley ndipo ankafuna kuti malashawo azifika ku Manchester mosaboola m'thumba. Mmisiri James Brindley anagwira nawo ntchitoyo, ndipo ngalandeyo itatsegulidwa mtengo wa malasha ku Manchester unatsika ndi theka. Josiah Wedgwood, woumba mbale ndi makapu ku Staffordshire, anaona kuti katundu wake akusweka pa misana ya mahatchi, ndipo analimbikira kuti kukumbidwe Trent and Mersey Canal, imene inatha mu 1777. Pa ngalande imeneyi pali una wa pansi pa phiri, ku Harecastle, momwe munalibe kanjira ka hatchi. Anthu ankagona chagada pa boti n'kumaponda khoma ndi mapazi, mumdima, mpaka kukatulukira tsidya lina.

Pofika m'ma 1790 aliyense amene anali ndi kandalama ankathamangira kugula masheya a makampani a ngalande. Ena anadya bwino, ena ndalama zawo zinalowa m'madzi.

Brass: Birmingham amaseweredwa bwanji?

Mumasewera anthu 2 mpaka 4. Aliyense amayamba ndi £17 ndi makadi 8 m'manja. Nthawi yanu ikafika mumachita zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chimadya khadi limodzi. Mutha kumanga mgodi wa malasha, ng'anjo ya chitsulo, fakitale ya thonje, ya zoumba, ya katundu wina kapena yofulula mowa. Mutha kukumba ngalande ndi £3, kugulitsa katundu, kukweza luso la mafakitale anu, kapena kutenga ngongole ya £30.

Chimene chimandikoka mtima ndi chakuti palibe amene amaima payekha. Mukafuna malasha, lamulo likuti mutenge ku mgodi wapafupi umene mwalumikizana nawo, ngakhale ukhale wa mnzanu, ndipo simulipira kanthu. Koma malasha a mgodiwo akatha, khadi lake limatembenuzidwa, mwini wake n'kuyamba kulandira ndalama zambiri ndi mapointi. Choncho mumatha kumanga mgodi dala pamalo pamene mukudziwa kuti mnzanu sangachitire mwina koma kukutherani malashawo. Chitsulo mumatenga kulikonse, malasha okha ndiwo amafuna njira. Pogulitsa katundu pamafunika mowa, ndipo mbiya imodzi yotsala ku Oxford kapena ku Gloucester imatha kusokoneza mapulani a anthu atatu.

Oyamba kumene amaopa ngongole, monga mmene tinaleredwera. Mu Brass ngongole sibwezedwa. Imangotsitsa ndalama zimene mumalandira pa ndime iliyonse, ndipo amene amakana kukongola amakhala m'mbuyo mpaka mapeto. Palinso lamulo lina lokoma: amene wawononga ndalama zochepa pa ndime ino ndiye ayambe pa ndime yotsatira.

Dzina lakuti Brass likuchokera ku kalankhulidwe ka kumpoto kwa England, kumene mawuwa amatanthauza ndalama.

N'chifukwa chiyani ngalande zonse zimachotsedwa pakati pa masewera?

Makadi akatha koyamba, nyengo ya ngalande yatha. Mumawerenga mapointi, kenako ngalande zonse ndi mafakitale onse a mulingo woyamba zimasesedwa pa bolodi. Nyengo ya njanji imayamba, ndipo njanji imodzi ndi £5 kuphatikizapo malasha. Amene anadzaza mapu ndi zinthu zotchipa amadzuka alibe kanthu.

Mbiri yeniyeni inayendanso choncho, ngakhale kuti sizinali zadzidzidzi chotero. Njanji ya Liverpool and Manchester inatsegulidwa pa 15 September 1830, ndipo inalimbana maso ndi maso ndi ngalande za m'deralo. Makampani a njanji atalemera anayamba kugula ngalande; Great Western Railway inagula Kennet and Avon Canal mu 1852. Pano ndimasiyana pang'ono ndi masewerawa, chifukwa ngalande za mu Birmingham zinapitiriza kunyamula malasha mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ndi ya ku America. Pa 4 July 1828, Pulezidenti John Quincy Adams anakumba dothi loyamba la Chesapeake and Ohio Canal. Tsiku lomwelo ku Baltimore, Charles Carroll, nkhalamba ya zaka 90, anaika mwala wa maziko wa njanji ya Baltimore and Ohio. Makampani awiriwa ankalowera kumodzi, chokwera mtsinje wa Potomac, ndipo anakokerana kukhoti polimbirana kampata kopapatiza ka pa Point of Rocks. Njanji inafika ku Cumberland mu 1842. Ngalande inafika mu 1850, itachedwa ndi zaka 8.

Kwathu nako zoterezi zinachitika mwa mtundu wake. Katundu wopita ku Blantyre ankabwera pa sitima za pamadzi kuchokera ku Chinde, chokwera Zambezi ndi Shire, kenako amtengatenga ankamusenza kukwera naye mapiri. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Port Herald kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatha mu 1935, sitima ya pamtunda inayamba kufika ku Beira osadukiza.

Nanga dzina lakuti 18xx likutanthauza chiyani?

Ambiri mwa masewerawa dzina lawo ndi chaka cha m'ma 1800. 1830 ndi a kum'mawa kwa America ndipo anatulutsidwa ndi Avalon Hill mu 1986. 1835 ndi a ku Germany, 1853 a ku India, 1856 a ku Canada, 1889 a pa chilumba cha Shikoku ku Japan. Alipo ambirimbiri, koma mafupa ake ndi amodzi.

M'masewera a 1830, kodi ineyo ndimakhala kampani ya njanji?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Inu ndinu munthu wa ndalama. Kampani ili ndi thumba lake, inu muli ndi lanu, ndipo pomaliza chimene chimawerengedwa ndi ndalama za m'thumba mwanu kuphatikiza mtengo wa masheya anu. Zotsala m'thumba la kampani sizikuthandizani kanthu.

Mukamasewera anayi, aliyense amayamba ndi $600, ndipo banki yonse ili ndi $12,000. Poyamba mumalimbirana timakampani 6 ting'onoting'ono, kuyambira Schuylkill Valley ya $20 mpaka Baltimore & Ohio ya $220. Pakati pake pali Delaware & Hudson ya $70, imene m'mbiri yeniyeni inayamba ngati kampani ya ngalande yonyamula malasha kuchokera ku Honesdale kupita ku mtsinje wa Hudson, ndipo ndi imene inaitanitsa ku England injini ya Stourbridge Lion, yomwe inayesedwa mu 1829.

Kenako pamabwera makampani 8 akuluakulu, monga Pennsylvania, New York Central, Erie ndi Canadian Pacific. Amene wagula chikalata cha 20 peresenti amakhala pulezidenti wa kampani ndipo amasankha mtengo woyambira wa sheya. Masheya okwana 60 peresenti akagulidwa, kampani imalandira ndalama zake n'kuyamba ntchito. Pulezidenti amayala njanji pa mapu, amaika masiteshoni, amayendetsa masitima, kenako amasankha chimodzi mwa ziwiri: kugawa phindu kwa eni masheya kapena kulisunga m'kampani. Akagawa, mtengo wa sheya umakwera koma kampani imatsala yopanda kanthu. Akasunga, kampani imapeza zogulira sitima koma mtengo umatsika ndipo eni masheya amadandaula.

Ndiye taganizani. Munthu mmodzi akhoza kukhala pulezidenti wa makampani awiri. Lamulo limalola kampani kugula sitima kwa inzake pa mtengo uliwonse, ngakhale $1. Limalolanso kampani kugula kakampani kakang'ono ka pulezidenti wake pa mtengo wowirikiza kawiri. Kakampani kakang'ono ka Camden & Amboy kamene munagula $160, kampani yanu ikhoza kukugulani $320, ndalamazo n'kuchoka m'thumba la eni masheya onse kulowa m'thumba mwanu. Sikuphwanya malamulo. Masewerawa anapangidwa kuti muone ndi maso anu kusiyana kwa zofuna za kampani ndi zofuna za amene akuiyendetsa.

Ndimamva akuti sitima "zachita dzimbiri". Zimatanthauza chiyani?

Masitima amagulidwa motsatana. Oyamba ndi a 2, otha kufika m'masiteshoni awiri okha, pa $80. Kenako a 3 pa $180, a 4 pa $300, a 5 pa $450, a 6 pa $630, ndipo omaliza ndi a dizilo pa $1,100. Munthu akangogula sitima yoyamba ya 4, masitima onse a 2 amatayidwa nthawi yomweyo. Yoyamba ya 6 imapha a 3, ndipo dizilo yoyamba imapha a 4. Kumeneko ndiye kuchita dzimbiri. Kampani imene ili ndi njira koma ilibe sitima imakakamizidwa kugula, ndipo ndalama zikaperewera pulezidenti amapisa m'thumba mwake. Zikakanika ngakhale atagulitsa masheya, ndiye kuti wagwa, ndipo masewera amathera pomwepo.

Ndinaphunzira zimenezi usiku wina wa mvula. Ndinali ndi masheya awiri a kampani ya New Haven, imene mnzanga wina ankaiyendetsa ndipo inkagawa phindu labwino. Inali ndi sitima ya 3 ndi ya 5. Ndinamuona akusuntha khadi la sitima ya 5 kupita ku kampani yake ina, n'kuika kapepala ka $1 pa thumba la New Haven. Nthawi yogulitsa masheya itafika iye ndiye anali woyamba. Anaika masheya asanu pa msika mwakachetechete, kenako anatenga chikalata cha upulezidenti n'kuchikankhira patsogolo panga ndi zala ziwiri, chifukwa tsopano ine ndi amene ndinali ndi ambiri. Tonse tinakhala duu. Pa mulu wa masitima panali patatsala ya 5 imodzi yokha, ya 6 ili pansi pake. Ndime yotsatira sitima yanga ya 3 inachita dzimbiri, ndipo ndinagulitsa masheya anga abwino kuti ndipeze $630. Mtima unandiwawa, koma usiku umenewo ndi umene ndinamvetsa masewerawa, ndipo Loweruka lotsatira ndinali woyamba kufika.

Kodi anthu a njanji ankachitadi zoterezi?

Ankachita zoposa pamenepa. M'ma 1840 ku Britain kunabuka misala ya masheya a njanji, ndipo mu 1846 mokha Nyumba ya Malamulo inavomereza mabilu a njanji oposa 250. Wotchuka kwambiri anali George Hudson wa ku York, amene anthu ankamutcha Mfumu ya Njanji. Mu 1849 zinaululika kuti ankalipira eni masheya pogwiritsa ntchito mpamba wa kampani m'malo mwa phindu, kuti mtengo wa masheya uzioneka wabwino. Anthu wamba ambiri amene anaikamo zosunga zawo anatsala manja ali m'khosi.

Ku America, mu 1868, Cornelius Vanderbilt wa New York Central anafuna kulanda njanji ya Erie pogula masheya ake onse. Daniel Drew, Jay Gould ndi Jim Fisk, omwe ankayendetsa Erie, anangoyamba kusindikiza masheya atsopano n'kumawathira pa msika. Iye akugula, iwo akusindikiza. Khoti litawalamula kuti amangidwe anawoloka mtsinje kuthawira ku Jersey City atanyamula ndalama. New York Central ndi Erie onse ali pa mapu a 1830, moyandikana.

Kodi imeneyi si njuga?

Funso limeneli anandifunsa ndi amayi anga aang'ono, ndipo ndi loyenera. Si njuga. Palibe amene amaikapo ndalama zenizeni, ndipo pomaliza zonse zimabwerera m'bokosi. Ambiri timagwiritsa ntchito timapulasitiki tozungulira ta poker m'malo mwa ndalama za mapepala, ndipo n'chimene chimasokoneza anthu akaona chithunzi. Timatero chifukwa timawerengeka msanga, basi. Mu 1830 mulibe mwayi woti n'kuudalira. Mu Brass makadi amasakanizidwa, komabe wodziwa amawina kawirikawiri.

Kodi pamafunika masamu ambiri? Nanga amatenga nthawi yaitali bwanji?

Kuphatikiza, kuchotsera ndi kugawa ndi 10. Mayi wogulitsa tomato pa msika amachita masamu ovuta kuposa amenewa tsiku lililonse. Chovuta n'kuona zimene zichitike ndime ziwiri kutsogolo, ndiponso kudziwa chimene mnzanu akufuna.

Brass amatenga maola awiri kapena atatu. 1830 amatha kudya maola 5 kapena 6 ngati muli atsopano, ndiye konzeranitu chakudya. 1817, momwe mumatha kugulitsa masheya amene mulibe poyembekezera kuti mtengo ugwa, amatha tsiku lathunthu.

Kodi pali zimene masewerawa sanena?

Zilipo, ndipo zimandikhudza. Pa bolodi ngalande ndi kakhadi ka £3. Pansi inakumbidwa ndi anthu a mapiki, mafosholo ndi mawilibala, ambiri ochokera ku Ireland ndi ku midzi yosauka, ndipo ena anafera m'mauna ndi m'maenje. M'migodi ndi m'mafakitale munkagwira ntchito ana aang'ono. Thonje limene mumagulitsa mu Brass: Lancashire, gawo lalikulu linkalimidwa ndi akapolo kum'mwera kwa America, ndipo nkhondo ya pachiweniweni itayamba kumeneko mu 1861 mafakitale a ku Lancashire anaima, antchito n'kugona ndi njala. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza makolo athu akulima ndi kuomba thonje lawo, ndipo anaganiza kuti dera limeneli likhoza kudyetsa mafakitale omwewo. Masewera a 1853 nawo amakuikani pa mpando wa azungu a ndalama mu India wa atsamunda.

Sindikunena kuti tisiye kusewera. Masewerawa amaonetsa dziko monga mmene mwini mpamba ankalionera, ndipo amachita zimenezo moona. Ine ndikamaphunzitsa munthu watsopano ndimatchula za anthu amenewa ndisanagawe makadi, kuti adziwe mpando umene wakhalapo.

Ndiyambire pati?

Ngati muli ndi anzanu awiri kapena atatu ndi madzulo amodzi, yambani ndi Brass: Birmingham. Mu 2023 anafika pa nambala 1 pa mndandanda wa BoardGameGeek, webusayiti ya okonda masewera a pa bolodi, ndipo sasowa m'masitolo a masewera. Ulendo woyamba ingosewerani nyengo ya ngalande yokha, muone mmene malasha amayendera.

Ku mbali ya 18xx, ine ndimalangiza 1889, opangidwa ndi Yasutaka Ikeda. Mapu ake ndi aang'ono, makampani ndi 7, ndipo malamulo ali pafupi kwambiri ndi a 1830. 18Chesapeake, a Scott Petersen, anakonzedwa poganizira oyamba kumene, ndipo Chesapeake and Ohio Canal ija ilimo ngati kakampani kakang'ono. 1846, a Tom Lehmann, ndi abwino kwa amene amakonda kumanga njira kuposa kulimbana pa msika wa masheya. Mabokosi amenewa ndi okwera mtengo ndiponso olemera kutumiza, koma pa 18xx.games mutha kusewera ambiri mwa iwo ulere, ngakhale pa foni, aliyense n'kumasewera nthawi imene wapeza mpata. Malamulo ali m'Chingelezi, choncho ndi bwino mmodzi awerenge kaye n'kufotokozera anzake.

Pa ulendo woyamba maso anu azikhala pa mulu wa masitima, osati pa mapu okha. Ndipo musanagule sheya yachiwiri m'kampani ya mnzanu, yang'anani masitima amene ili nawo ndiponso amene ayambe kugulitsa ndani.

Ndikabwera ku Birmingham, ndingaone chiyani cha nthawi imeneyo?

Ngalande zilipobe, makilomita oposa 50 mumzinda muno, ndipo maboti opyapyala aja tsopano anthu amagonamo kapena kuyendamo pa tchuthi. Ku Curzon Street kudakali nyumba ya siteshoni ya London and Birmingham Railway, ya mu 1838, ndi zipilala zake zinayi zamiyala.

Koma ine ndikhoza kukutengerani ku Gas Street Basin. Pakati pa madzi pali kamtunda kopapatiza kotchedwa Worcester Bar. Kampani ya ngalande za Birmingham sinkafuna kuti kampani yatsopano ya Worcester and Birmingham izimwa nawo madzi ake, ndiye inaumirira kuti pakhale chotchinga chimenechi, cha mamita awiri okha m'lifupi. Boti likafika mbali ino, anthu ankatsitsa katundu yense, kumudutsitsa pa kamtundako ndi manja, n'kumukweza m'boti lina mbali inayo. Zinakhala choncho mpaka mu 1815, pamene makampani awiriwa anagwirizana kuboola mpata wokhala ndi zitseko za madzi. Zitsekozo anazichotsa kalekale, koma mpatawo ulipo, pansi pa kamlatho ka oyenda pansi, ndipo boti likamadutsa pamatsala danga lochepa kwambiri mbali zonse ziwiri.